A Lampiyao ndi Nsomba ya Maso a Mbali Imodzi

Mvula ya chaka chino isanagwe tinaika m'manda atsibweni anga, a Lampiyao, kumtunda kwa Malemia. Pa mwambo wa maliro abusa ananena kuti malemu anali munthu wofatsa, ndipo ife achibale tinayang'anana. Munthu wofatsa amakusiya udye nsomba yako mwamtendere. A Lampiyao ankayamba akufunsa kuti waigula kwa yani, anaigwira pati, madzi ake anali akuya bwanji, nanga m'mimba mwake munali chiyani. Ukanena kuti sukudziwa, ankakuyang'ana mwachisoni ngati wataya chinthu panjira.

Ngakhale m'chipatala, masiku awo omaliza, khalidweli silinawachoke. Anali atasiya kuona kalekale, mpweya ukuvuta, koma atamva kuti awaika kapaipi pamkono anakatsatira ndi zala mpaka kukafika pa botolo lopachikidwa. Anafunsa namwino kuti madziwo ndi amtundu wanji. Namwino anati ndi madzi okhala ndi mchere pang'ono.

"Mchere wake ngati wa ku bara?" anafunsa motero.

Mtsikanayo sankadziwa kuti bara n'chiyani. Ndinamuuza kuti m'Chisena ndi nyanja yaikulu yamchere ija, ndipo ndinamunong'oneza kuti asawayankhe, chifukwa akaiyamba nkhani imeneyo odwala ena sathandizidwa.

Anali mlongo wawo wa mayi anga, msodzi wa m'dambo la Ndindi, kumunsi kwa boma la Nsanje. Anali wamfupi, wa miyendo yopindika chifukwa chokhalitsa m'bwato, manja aakulu osagwirizana ndi thupi. Kunyumba ankayankhula Chimang'anja, koma akangoponda m'madzi lilime linkatembenuka lokha: bwato linkasanduka mwadiya, mnzawo n'kukhala shamwali. Ndisaname, sanali msodzi wopha nsomba zambiri. Anzawo akamathamangira kukavuula maukonde dzuwa lisanakwere, iwo ankatha kuima pakati pa bango, nkhafi ili pamiyendo, akuonerera nsomba ya mphende yaikazi ikulavula tiana take n'kutibwezanso m'kamwa mthunzi wa mbalame ukadutsa. Ankafika kudoko mochedwa, ogula atamwazikana, nsomba zitayamba kufewa, koma iwo ali ndi nkhani.

Nsomba iliyonse yaikulu ankaitumbula okha n'kuyala za m'mimba pa nkhafi. Ankapezamo tinkhono, mafupa a achule, nthenga za kamwana ka mbalame. Tsiku lina anapeza batani la malaya m'mimba mwa mlamba, ndipo anayenda nalo mudzi wonse akufunsa amene linamuthothoka. Nyesi, nsomba ija imakugwedeza thupi lonse ukaikhudza, anthu amaiopa n'kuitaya msanga. Iwo anaisunga m'beseni. Anaikhudza ndi chala, kenako ndi kamtengo kouma, kenako ndi kamtengo konyowa, kenako ndi chidendene, mpaka mkono unachita dzanzi tsiku lonse. Ankakonda kunena kuti anthu ambiri amakalambira m'mphepete mwa madzi koma amangodziwa pamwamba pake, ndipo kuti iwo sankafuna kufa ali mlendo kwawo komwe.

Amene anavutika nazo zonsezi ndi akazi awo, mayi Felesiya. Chaka china madzi ataphwa m'dambo, a Lampiyao anakumba chibuma cha matope ouma chimene m'kati mwake munagona nsomba ija timati dowe. Aliyense kwathu amadziwa kuti nsomba imeneyi imadzikwirira m'matope n'kudikira mvula, koma iwo ankafuna kuona ndi maso awo ngati ingadzukenso itachotsedwa m'dambo. Anaika chibumacho kunsi kwa bedi n'kuletsa aliyense kusesako. Chinakhala kumeneko chilimwe chonse, mayi Felesiya akunyinyirika kuti anakwatiwa ndi munthu wogona ndi dothi. Mvula yoyamba itagwa anachitulutsa, n'kuchiika m'chidebe cha madzi, n'kuitana anthu oyandikana nawo. Dothi linasungunuka pang'onopang'ono, ndipo nsomba ija inadziwongola, yowonda, n'kutulutsa mphuno pamwamba kuti ipume. A Lampiyao anavina. Anathamangira kudoko kukaitana asodzi anzawo kuti adzaone, ndipo pobwera anapeza mayi Felesiya ataiduladula kale, ikuwira ndi tomato.

"Yakhala m'nyumba mwanga miyezi yonseyi osagwira ntchito," anatero mayiwo. "Lero igwireko."

A Lampiyao anakana kudya. Madzulo ake anadya, kuti adziwe ngati nyama yake yasintha kakomedwe.

Koma mkangano umene unatenga moyo wawo wonse unali wa iwo ndi a Kampira. Awiriwa anakulira limodzi, ankaitanana kuti iwe mpaka imvi, ndipo mabwato awo ankamangirira pamtengo umodzi. A Kampira anali msodzi weniweni, wopita m'mawa n'kubwera bwato litadzaza, wosakhulupirira chinthu chimene sanachigwire ndi dzanja. Gwero la mkangano linali nkhani ya bambo awo a Lampiyao, amene pa unyamata wawo anagwirapo ntchito pa sitima zapamadzi zotsika ndi katundu mpaka ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Bambowo anauza mwana wawo, akusoka ukonde, kuti kumeneko kuli nsomba yaphwatalala ngati mbale, yogona chammbali pamchenga, kunsi koyera, pamwamba pofiirira, ndipo maso ake onse awiri ali mbali imodzi.

A Lampiyao anaikhulupirira nkhaniyo ndipo ankaifotokoza paliponse. A Kampira ankaseka.

"Chamoyo chilichonse, diso kuno diso uku," ankatero. "Mbuzi, nkhuku, ng'ona, iwe amene. Bambo ako anaona nsomba yopondedwa ndi sitima."

Zikanakhala zoseka chabe, koma tsiku lina pa ukwati, anthu atakhuta, a Kampira anawonjeza. Ananena pagulu kuti bambo awo a Lampiyao ankabwera kuchokera ku Chinde ali ndi botolo m'thumba, ndiye akanatha kuonanso nkhuku ya maso kumchira. Anthu anaseka kwambiri. A Lampiyao anadzuka n'kuchoka, ndipo m'mawa mwake anasamutsa bwato lawo pamtengo uja. Sanayankhulane kuyambira nthawi yobzala mpaka yokolola. Anadzayanjana, koma kuyambira pamenepo nkhani ya nsombayo ikatchulidwa a Lampiyao sankasekanso. Bambo awo anamwalira ali osauka, osasiya munda kapena ng'ombe. Chimene anasiyira mwana wawo chinali nkhani imeneyo, ndipo mudzi unali utaiyesa nthabwala ya chidakwa.

Maso anayamba kuwavuta atakalamba. Poyamba ankati kunja kuli nkhungu pamene ife tikuona kuli mbee. Kuchipatala anawayeza bwinobwino n'kuwauza moona mtima kuti matenda awo si aja amachotsedwa ndi opareshoni. Mankhwala angochedwetsa, koma mdima ukubwera ndithu. Ine ndi amene ndinawaperekeza, ndipo pobwerera m'minibasi sanafunse funso lililonse njira yonse, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Titatsika anandigwira mkono.

"Esinati, iwe umapita ku Bera, kunyanja yamchere ku Mozambiki, ndi malonda ako. Njira ukuidziwa."

"Ndikuidziwa, atsibweni."

"Undiperekeze. Ndikufuna ndikaione maso asanatseke."

Sindinafunse kuti akaone chiyani. Mwana wawo wamkazi, Rozina, anakwatiwa ku Bera komweko, choncho pofikira panalipo. Koma mayi Felesiya atamva anakhala pansi n'kutambasula miyendo.

"Munthu wosaona bwino, wa mtima wothamanga, mukapite kudziko la eni chifukwa cha nsomba? Mukakafera kumeneko, mtembo adzaudutsitsa pamalire ndani? Ndidzalira maliro opanda manda ine?"

"Ndikafa ndikafa nditaona," anayankha motero.

Sabata yomweyo anagulitsa bwato lawo, limene anasema okha, kuti apeze zoyendera. Anati bwato la munthu wakhungu ndi nkhuni chabe. Mayi Felesiya sanatiperekeze pokwera galimoto. Anangotumiza mwana ndi kathumba ka mbatata zophika.

Inali nyengo yotentha, ija nthaka imawotcha mapazi. Mwamuna wa Rozina anatipezera malo m'boti la injini la bambo wina dzina lake a Zeka, amene ntchito yawo inali kutenga anthu kukawedza tsiku lonse n'kuwabweza madzulo. Anali munthu wa msinkhu wapakati, woyankhula Chisena, wakuda ndi dzuwa. Tsikulo anatenganso abambo awiri a m'tauni amene anabwera ndi ndodo zowedzera zokhala ndi kawilo kokulungira chingwe, ndi bokosi la zakumwa zozizira.

Titafika pagombe m'mawa tinapeza maboti onse atagona chammbali pamatope, madzi ali kutali. A Lampiyao anasinzinira maso, kuyang'ana uku ndi uku.

"Kwagwa chilala kuno?"

A Zeka anaseka. "Ayi baba, madzi achoka. Abwera posachedwa."

"Apita kuti?"

"Apita kunja. Amapita n'kubwera tsiku lililonse."

"Amawaitana ndani?"

A Zeka anati akuluakulu amati ndi mwezi. A Lampiyao anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe mwezi, n'kupukusa mutu. Kenako anakazika kamtengo pamatope n'kunjuta pambali pake. Sanasunthe mpaka madzi anafika pakamtengo paja, n'kuwanyowetsa mapazi, n'kupitirira kumtunda. Anatunga pang'ono m'dzanja n'kulawa, n'kulavula. Analawanso kachiwiri.

"Esinati, Shire amayenda njira imodzi moyo wake wonse. Awa akuyenda chobwerera."

Tinakwera. A Zeka anawaveka chovala choyandamitsa munthu, iwo akukana kuti anaphunzira kusambira asanaphunzire kuyenda. Boti linatuluka, nyumba za m'tauni zikuchepa kumbuyo, ndipo titadutsa pamene madzi ofiira amakumana ndi obiriwira, mafunde anayamba kutinyamula n'kutitsitsa. Apa m'pamene panachitika chinthu chimene palibe anachiyembekezera. A Lampiyao, munthu amene anakhala pamadzi kuyambira ali mwana, amene anaolotsa anthu nthawi ya kusefukira ataima chilili m'bwato, anatuwa nkhope n'kugwira m'mphepete mwa boti n'kuyamba kusanza. Ine, wogulitsa zitenje, ndinali bwinobwino. Abambo a m'tauni aja anayang'ana kumbali kuti asawachititse manyazi.

Manyazi analibe. Atapukuta pakamwa anafunsa a Zeka kuti n'chifukwa chiyani madzi awa akuwadwalitsa pamene a kwawo sanawadwalitsepo. A Zeka anati sakudziwa, zimangochitika, ngakhale kwa amuna amphamvu. Nkhani ya kusanzayi anadzaifotokoza okha kumudzi kambirimbiri, akudabwa nayo kuposa kuchita nayo manyazi.

Tinafika pamalo pamene a Zeka anati pansi pake ndi mchenga wokhawokha. Anazimitsa injini n'kusiya boti liziyenda lokha ndi madzi. A Lampiyao anali atawafotokozera kale za nsomba ya bambo awo, ndipo a Zeka anangogwedeza mutu ngati munthu wafunsidwa za nkhuku. Anati iwo amaitcha lingwadu, ndipo nyengo yotentha imabwera kufupi, kumadzi osaya. Atsibweni anawagwira dzanja.

"Ndiye kuti iliko?"

"Iliko, baba. Koma kuti tiigwira lero, sindingalonjeze."

Anawapatsa chingwe cha m'manja, poti ndodo ya kawilo anaikana. Kumapeto kwake kunali mtovu wolemera, ndipo pamwamba pang'ono mbedza yokhala ndi kachidutswa ka nsomba kodulidwa motalika kuti kazivina m'madzi. A Zeka anawaphunzitsa ngati mwana: mtovu ufike pansi, muzikweza pang'ono n'kutsitsa, kukweza n'kutsitsa, nyambo izikwawa pamchenga pamene boti likuyenda. Nsombayo siithamangitsa chakudya, imabisala mumchenga n'kudikira chodutsa. Ikagwira imayamba yaluma kumchira kwa nyambo, ndiye osakoka msanga. Kuidikira imeze.

Apa m'pamene panali vuto. Dzanja la a Lampiyao linazolowera mcheni, nsomba ya mano ija imene ukachedwa kukoka yapita. Chingwe chikangogwedezeka, mkono unkakoka wokha mutu usanaganize. Mbedza inkabwera ili ndi theka la nyambo. Zinachitika kangapo, a Zeka akuti, "Mwafulumira, baba," iwo akudzimenya pantchafu. Abambo a m'tauni anagwira nsomba zina zasiliva, ndi ina yaing'ono imene itangotuluka m'madzi inadzitupitsa ngati mpira. A Lampiyao anaiwala kudwala, anaitenga n'kuiyandikitsa kumaso, kuifinya pang'ono, kufunsa kuti mpweya wake ukulowera pati. Koma nsomba imene tinadzera sinaoneke.

Dzuwa linafika pamutu n'kupendeka. Atsibweni anali atasanza mpaka m'mimba mopanda kanthu, ndipo madzi akumwa ankabwerera. Anagona pansi m'boti, mutu pamiyendo panga, milomo itauma, mtima ukugunda mofulumira moti ndinkauona pakhosi. Mawu a mayi Felesiya anandibwerera, ndipo ndinachita mantha zedi. Mphepo inayambanso kukula. A Zeka anayang'ana kumtunda n'kunena kuti madzi ayamba kuchoka, tikachedwa sitidutsa pamchenga wa pakhomo lolowera kugombe ndipo tikhala kunja ndi munthu wodwala. Abambo aja anayamba kupinda ndodo zawo.

"Tiyeni tizipita," ndinatero. "Atsibweni, kwatha. Mwamva nokha kuti nsombayo iliko. A Zeka anena."

Anatsegula maso. "Bambo anganso ananena. Kunena kokha ndinali nako kale."

Anadzuka movutika n'kutsamira m'mbali mwa boti. "Mwananga," anauza a Zeka, "tidutsitseni kamodzi kokha pamchengapo. Kukakanika ndipita osadandaula."

A Zeka anayang'ana anzathu aja. Mmodzi wa iwo, wamkulupo, anatsegulanso bokosi lake la nyambo n'kusankha kachidutswa kabwino, n'kukaika yekha pa mbedza ya atsibweni. A Zeka analiza injini, kutibwezera kumene tinayambira, n'kuzimitsanso. Palibe wina anaponya chingwe. Tonse tinkayang'ana dzanja limodzi lija likukwera n'kutsika.

Patapita kanthawi dzanjalo linaima.

"Chalemera," ananong'ona. "Ngati chakodwa m'chiguduli."

Ndinaona mkono ukufuna kukoka. A Zeka anaugwira pamfundo n'kuupanikiza pansi. "Dikirani, baba. Ipatseni chingwe. Dikiranibe." Nkhalambayo inadikira, mano italuma. Kenako a Zeka anachotsa dzanja lawo. "Tsopano. Pang'onopang'ono."

Anakoka, dzanja ili kulandira dzanja linzake, chingwe chikuunjikana pamapazi. M'madzi munaoneka chinthu chofiirira chikubwera chopendekeka, ndipo a Zeka anachitunga ndi kaukonde kam'manja n'kuchiika pamiyendo pawo.

Sinali yaikulu. Inangoposa pang'ono zikhatho zawo ziwiri. Anaigwira n'kutembenukira kudzuwa, n'kuiyandikitsa mpaka inatsala pang'ono kukhudza mphuno yawo. Maso awiri anali pamenepo, oyandikana, otukuka, lina pamwamba pang'ono pa linzake, ndipo kamwa linali lopotoka ngati la munthu wonyansidwa. Anaitembenuza. Kunsi kunali koyera, kosalala, kopanda diso. Anapapasapo ndi chala kufunafuna ngati pali chipsera. Anaitembenuzanso. Ine ndinkadikira kuti atchule bambo awo kapena a Kampira, koma mawu awo oyamba anali funso.

"Imabadwa chonchi?"

"Ayi," anatero a Zeka, akuliza injini. "Amati ikakhala kakang'ono imasambira choimirira ngati nsomba zina, diso kuno diso uku. Ikamakula diso limodzi limasamuka, kudutsa pamutu, kukapeza linzake. Ikatero imagona pansi."

"Diso limayenda?"

"Limayenda."

"Inu munaliona likuyenda?"

"Ayi baba, ndinangomva."

Boti linkadula mafunde kubwerera. A Lampiyao anaifungatira nsombayo pachifuwa, malaya onse atanyowa. Titayandikira kumtunda ndinaona misozi ikutsika m'makwinya.

"Zimenezo bambo sanandiuze," anatero. "Nawonso sankadziwa. Akanakondwa."

Rozina ankafuna kuikazinga madzulo omwewo, koma iwo anakana. Atapeza mphamvu anaithira mchere yathunthu, osadula mutu, n'kuiyanika padenga akuilondera okha kuopa amphaka. Maso anaphwa, koma mabowo ake awiri anatsala poonekera. Anaikulunga m'nsalu n'kuinyamula m'thumba la jekete njira yonse yobwerera, m'basi monse mukununkha.

Titafika kumudzi tinamva kuti a Kampira anagwa kudimba ife tili paulendo. Matenda aja ofoola ziwalo anawagwira mbali imodzi. Dzanja lamanja linafa, kamwa linapotokera kumbali, mawu ankatuluka movutika. Mayi Felesiya, amene anali asanawalonjere n'komwe amuna awo, anaima pakhomo.

"Musapite nacho chinthu chanucho kwa munthu wodwala. Mukufuna mukamupambane ali gone?"

Anapitabe, ine ndikuwatsogolera. Tinapeza a Kampira atawakhazika pamphasa pakhonde, atatsamira khoma. A Lampiyao anakhala pambali pawo, ndipo sanafunse za matenda. Anamasula nsalu ija n'kuika nsombayo pamiyendo pa mnzawo.

A Kampira anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaitola ndi dzanja lamanzere, n'kulowetsa chala m'bowo loyamba, kenako lachiwiri. Anaitembenuza, kupapasa mbali yoyera, kuitembenuzanso. Kenako anayang'anitsitsa kamwa lake lopotoka lija, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira. Ankaseka.

"Lampiyao," anatero, liwu lililonse likutuluka palokha, "wandibweretsera m'bale wanga."

Anaseka onse awiri mpaka kutsokomola, a Lampiyao akupukuta malovu a mnzawo ndi nsalu yomweyo ya nsomba. Kuseka kutatha, a Kampira anagwira bondo la atsibweni.

"Bambo ako sananame. Ndinalakwa pa ukwati paja."

Mawu amenewa a Lampiyao anawadikira zaka zambirimbiri, koma anangowakankhira kumbali ndi dzanja. "Zisiye zimenezo, shamwali. Imva izi. Ukudziwa kuti imabadwa ili ndi diso kuno diso uku? Ndiye limodzi limanyamuka, kudutsa pamutu, kukakhala ndi linzake."

A Kampira anawayang'ana ndi diso lawo labwino.

"Bodza," anatero.

"Anandiuza mwini boti."

"Iye analiona?"

"Sanalione."

"Ndiye bodza."

Mkangano watsopano unayambira pomwepo, ndipo unawasunga onse awiri. Tsiku lililonse a Lampiyao ankapita pakhonde paja, poyamba okha, kenako ndi ndodo, kenako mogwiridwa dzanja. Akazi a a Kampira ankati amuna awo anayambanso kuyankhula bwino chifukwa chofuna kutsutsa. Nsomba ija anaiwotcha tsiku lomwelo n'kugawana, ndipo onse anagwirizana chinthu chimodzi chokha, kuti inkangomveka mchere. A Kampira anamwalira mkanganowo usanathe. Pobwera kumanda atsibweni anandiuza kuti chimene chikuwawawa n'chakuti mnzawoyo mwina tsopano akudziwa yankho, ndipo sangabwere kudzavomera.

Mayi Felesiya sanakhululuke za bwato lija, ndipo ankalitchula nthawi iliyonse ndiwo zikasowa. Koma ndi iwo amene ankauza alendo, amuna awo asanatsegule pakamwa, kuti bambo a m'nyumba muno anafika kunyanja yamchere ndipo anagwira nsomba imene munthu wina aliyense kuno sanaionepo.

Madzi osefukira atagwetsa nyumba za kudambo, banja lonse linasamukira kumtunda, kumene Shire samveka n'komwe. Apo n'kuti maso atatsekeratu. Kuseri kwa nyumba yatsopano kunkadutsa njira ya anthu ochokera kumadimba ndi kudoko, ndipo m'mphepete mwake munali mtengo wa msawu. A Lampiyao anapempha kuti awaikire mtondo wakale wong'ambika pamenepo, chogadamiza, kuti azikhalira. Ankazindikira anthu ndi mapazi. Aliyense wodutsa ankamuimitsa ndi funso limodzi, lakuti waona chiyani lero. Poyamba anthu ankayankha kuti palibe, koma iwo sankalola. Pang'ono ndi pang'ono anthu anazolowera kubwera ndi kanthu: kuti mvuu yabereka pafupi ndi chilumba, kuti madzi asanduka ofiira ngakhale kuno mvula sinagwe, kuti mbalame zachilendo zatera m'munda wa mpunga. Amayi ena anandiuza kuti ankayenda akuyang'anayang'ana dala, kuopa kufika pamsawu chimanjamanja.

Ndinapitako sabata yatha kukaona mayi Felesiya. Mtondo uja ulipobe. Palibe amene wafuna kuuwaza nkhuni. Patsogolo pake pali timaenje tiwiri pamene zidendene zawo zinkakhala, ndipo mvula yayamba kutikwirira ndi mchenga. Masawu anagwa n'kuuma pansi osatoledwa, mbuzi zikugona mumthunzi. Ndili chiimire, kunatulukira bambo wina wochokera kudoko, nkhafi paphewa, akuyenda mofulumira ngati ali ndi mawu. Atafika pamtengopo anachepetsa liwiro n'kutsegula pakamwa. Anayang'ana mtondowo, anandiyang'ana ine, n'kusamutsira nkhafi paphewa lina.

"Kunali ng'ona yoyera lero," anatero motsitsa mawu. "Yoyera ndithu, ngati ufa."

Anadikira pang'ono. Ine sindinadziwe choti ndimufunse, ndipo anapitiriza ulendo wake.